Phunziro: Kuyesa Katundu wa Wodwala Amene Sadzachira

M'dziko lathu lino ndi midzi yowerengeka yokha imene ilibe nyumba yogonamo munthu wodwala nthenda yosachiritsika. Wina ali ndi khansa, wina adafa ziwalo, wina mtima kapena impso zake zidafooka, winanso Edzi idamufikitsa patali asanayambe kumwa mankhwala. Tikapita kukazonda anthu otere, timakhala pansi ndi kufunsa kuti, "Mwadzuka bwanji?" Wodwala amayankha mwaulemu kuti, "Pang'ono." Ife timapepesa, timacheza, ndipo timatsazika osadziwa zimene zabisala m'mawu aja. Kapena munthuyo sadagone usiku wonse chifukwa cha ululu. Kapena ululu ngwochepa, koma mtima wake uli pa ana amene adzatsale opanda wowalera. Phunziro la lero likufuna kutiphunzitsa kuyesa katundu amene wodwala wasenza, kuti tidziwe amene tingathe kumuthandiza tokha, ndi amene ayenera kuonedwa msanga ndi anthu odziwa ntchitoyi koposa ife.

1. Kodi chisamaliro chimenechi n'chiyani?

A chipatala ali ndi dzina la chisamaliro chimene amapereka kwa munthu amene nthenda yake ikuopseza moyo: amachitcha palliative care. Dzinali lidachokera ku mawu a Chilatini akuti pallium, ndiye kuti chofunda, ndipo amene adalitchukitsa ndi dokotala wa ku Canada, Balfour Mount, amene adatsegula chigawo cha odwala otere pa chipatala cha Royal Victoria ku Montreal m'chaka cha 1975. Chofunda sichiletsa chisanu kugwa, komabe munthu wofunda amapeza tulo. Momwemonso chisamalirochi sichichotsa nthenda, koma chimachepetsa kuzunzika kwa wodwala ndi kwa abale ake, kuti masiku amene atsala, kaya ndi ochuluka kaya ndi ochepa, akhale masiku a munthu.

Mayi wa ntchito imeneyi ndi Cicely Saunders wa ku England, amene adayamba ngati namwino, kenaka nkukhala dokotala. Kuyambira m'chaka cha 1958 adagwira ntchito ku St Joseph's Hospice mu mzinda wa London, nyumba ya odwala imene ankayendetsa masisitere, ndipo m'chaka cha 1967 adatsegula nyumba yake ya St Christopher's Hospice. Kuno ku Africa, dokotala Anne Merriman adayambitsa Hospice Africa Uganda m'chaka cha 1993, ndipo adafalitsa morphine wamadzi wakumwa, wotsika mtengo. M'Malawi muno chipatala cha Tiyanjane chidayamba pa Queen Elizabeth ku Blantyre m'chaka cha 2003; bungwe la Palliative Care Association of Malawi lidakhazikitsidwa m'chaka cha 2005; mayi Lucy Finch adatsegula Ndi Moyo ku Salima m'chaka cha 2007; ndipo boma lidatulutsa ndondomeko yake ya chisamalirochi m'chaka cha 2014.

Komatu ogwira ntchitoyi ndi ochepa, pamene odwala ndi ambiri. M'chaka cha 2020 bungwe la WHO, loona za umoyo pa dziko lonse, lidalengeza kuti anthu 56.8 miliyoni amasowa chisamaliro chimenechi chaka chilichonse, ndipo kuti olandira ndi 14 okha pa 100 alionse. Pamene madzi ali ochepa, mlimi wanzeru amayamba wayendera dimba lake kuti aone mbewu zimene zafota kwambiri. Ndicho chifukwa chake kuyesa zosowa za wodwala ndi ntchito yoyamba.

2. Ululu wa munthu yense

Cicely Saunders ankakhala pambali pa bedi nthawi yaitali, namvetsera odwala akufotokoza okha mavuto awo. M'chaka cha 1964 adalemba chimene adapeza: kuti ululu wa munthu wodwala kwakayakaya umagwira munthu yense, ndipo uli ndi mbali zinayi.

Yoyamba ndi ya thupi: kuwawa, kubanika, nseru, kusanza, kudzimbidwa, zilonda, kulephera kumeza ndi kufooka. Yachiwiri ndi ya maganizo: mantha, nkhawa, mkwiyo, manyazi ndi kutaya mtima. Yachitatu ndi ya pakhomo ndi pamudzi: njala, ngongole, sukulu ya ana, mikangano ya pachibale ndi kusalidwa. Yachinayi ndi ya mzimu: munthu amadzifunsa kuti, "Chifukwa chiyani ineyo? Kodi ndidalakwanji? Kodi moyo wanga wapindula chiyani?"

Mbali zinayizi sizikhala padera padera ngati matumba anayi m'ngolo. Ina imakoka inzake. Munthu wamantha amamva kuwawa kwambiri. Munthu womva kuwawa sagona. Ndipo munthu wosagona mantha ake amakula usiku. Pamenepa mpamene pagona phunziro lathu.

3. Kodi kupiringizana kwa zosowa n'chiyani?

Tiyerekeze odwala awiri. Woyamba ndi bambo wachikulire amene khansa yake yafika m'mafupa. Sadzukanso pamphasa, ndipo aliyense akuona kuti masiku ake atsala ochepa. Koma akumwa morphine pa nthawi yake, ululu wagona; mkazi wake ndi ana ake akuluakulu akusinthana pomusamala; chipatala chili pafupi; iye akudziwa za nthenda yake, adagawa kale minda yake pamaso pa mfumu, ndipo mtima wake uli phee.

Wachiwiri ndi mayi wa zaka 38 amene ali ndi khansa ya khomo la chiberekero. Akuyendabe, ndipo masiku ena amapita kumunda. Koma akutaya magazi, ndiponso fungo lamuchititsa manyazi, kotero kuti sakhalanso pa gulu la anzake. Mwamuna wake adachoka. Womusamala ndi mwana wake wamkazi wa zaka 13, amene wasiya sukulu. Chipatala chili kutali, ndipo ndalama ya kabaza palibe, pakuti mbuzi adagulitsa kale kulipira sing'anga, abale atanena kuti walodzedwa. Palibe amene adamuuza dzina la nthenda yake, ndipo iye mumtima akuti Mulungu akumulanga.

Nanga mwa awiriwa wodwala kwambiri ndani? Ndi bambo uja. Koma wa zosowa zopiringizana ndani? Ndi mayi uja. Taonani unyolo wake: ululu ukumuletsa kulima, kusalima kwabweretsa njala, chifukwa cha njala akuopa kumwa mankhwala m'mimba mulibe kanthu, posamwa mankhwala ululu ukukula. Fungo lamupatula kwa anthu. Kupatukako kwakulitsa nkhawa. Ndipo nkhawa ikuonjezera ululu. Mukampatsa mapiritsi okha, mwamasula mfundo imodzi ya ukonde umene wapiringizana ponseponse.

Tsono tigwire mfundo iyi: kupiringizana kwa zosowa n'kosiyana ndi kukula kwa nthenda, ndiponso n'kosiyana ndi kuyandikira kwa imfa. Timati zosowa za wodwala zapiringizana pamene zinthu izi zakumana: mavuto ndi ambiri kapena ndi aakulu, mavutowo akukokana, lina kukulitsa linzake, zinthu zikusintha msanga mosayembekezeka, ndipo mphamvu kapena nzeru za omusamala zachepa poyerekeza ndi katunduyo.

Mfundo yotsirizayi njofunika kuisinkhasinkha. Thumba la chimanga limene mnyamata amanyamula akuseka, nkhalamba ingathe kuthyoka nalo msana. Choncho kulemera kwa katundu sikuli mwa wodwala yekha ayi. Kuli pakati pa wodwala, banja lake ndi chipatala chimene chili pafupi naye. Akatswiri a pa King's College London adafotokoza zomwezi m'chaka cha 2018, atafunsa odwala, abale ndi ogwira ntchito: kuti poyesa tiyenera kuona munthuyo, kusintha kwa nthenda yake pakupita kwa nthawi, anthu omuzungulira, thandizo limene lilipo, ndi maganizo a mtundu wonse pa za matenda ndi imfa. Adachenjezanso kuti pali mavuto amene munthu adali nawo kale asanadwale, monga umphawi kapena matenda a maganizo. Pali amene amaunjikana pang'onopang'ono. Ndipo pali ena obisika, amene palibe wawaona.

4. Miyeso imene a chipatala amagwiritsa ntchito

Wogula chimanga sakhulupirira maso okha. Amatenga ndowa kapena sikelo. A chipatala nawonso ali ndi miyeso, ndipo nkwabwino kuti abale a odwala aidziwe, kuti asadabwe akamafunsidwa.

Muyeso woyamba ndi wa mphamvu za thupi. Dokotala wa ku America, David Karnofsky, adaukonza chakumapeto kwa zaka za m'ma 1940. Umayambira pa 100, munthu wamphamvu wogwira ntchito zake zonse, nutsika ndi 10 mpaka pa 0, imene ndi imfa. Munthu wa pa 50 amasowa thandizo lambiri tsiku ndi tsiku. Muyesowu umatiuza kuchuluka kwa ntchito imene yagwera omusamala.

Wachiwiri ndi wa zizindikiro. Ku Edmonton, m'dziko la Canada, dokotala Eduardo Bruera ndi anzake adakonza m'chaka cha 1991 pepala limene wodwala amanena yekha kukula kwa ululu, kutopa, nseru, nkhawa, kubanika ndi zina, kuyambira pa 0 mpaka pa 10. Mwambo wake ngwakuti mwini ululu ndiye mboni. 

Wachitatu udakonzedwa kuno ku Africa ndi bungwe la African Palliative Care Association, ndipo dzina lake ndi APCA African POS. Uli ndi mafunso 10: mafunso 7 a wodwala, ndi 3 a wachibale womusamala. Wodwala amafunsidwa za ululu, za zovuta zina za m'thupi, za nkhawa, ngati ali ndi womuuza za kukhosi, ngati moyo akuuona kuti ngwaphindu, ngati ali ndi mtendere, ndiponso ngati banja lathandizidwa kukonzekera za m'tsogolo. Wachibale amafunsidwa ngati adauzidwa mokwanira za nthenda, ngati akudzidalira posamala wodwala, ndi ngati banja lili ndi nkhawa. Yankho lililonse limayambira pa 0 mpaka pa 5, kotero kuti ngakhale wosadziwa kuwerenga angathe kuyankha ndi dzanja: nkhonya yofumbata ndiye kuti palibe ululu, zala zonse zisanu ndiye kuti ululu wosapiririka.

Wachinayi ndi wa nyengo za nthenda, umene udachokera ku Australia. Pali nyengo ya bata, pamene zimene zidakonzedwa zikugwira ntchito. Nyengo ya chipwirikiti, pamene vuto latsopano labuka mwadzidzidzi ndipo pafunika kusintha msanga. Nyengo ya kutsika pang'onopang'ono. Nyengo ya kutsirizika, pamene imfa ili pafupi m'masiku owerengeka. Ndi nyengo ya chisoni cha otsala. Wodwala satsata nyengozi mwa ndondomeko ngati mwana wa sukulu. Angathe kuchoka pa chipwirikiti nabwerera pa bata. Ndiponso vuto la wosamala, monga kudwala kwake, lingathe kuchotsa banja pa bata.

Wachisanu ndi woyesa kupiringizana kwenikweniko. Udatuluka ku Andalusia, m'dziko la Spain, m'chaka cha 2014, ndipo umatchedwa IDC-Pal. Umayang'ana mbali zitatu, wodwala, banja ndi pokhala pake, ndi kayendetsedwe ka chithandizo, ndipo umaika odwala m'magulu atatu: osapiringizana, opiringizana, ndi opiringizana kwambiri.

5. Kodi kuyesa kumapindula chiyani?

Kuyesa kumatiuza woyenera kusenza katundu aliyense. Wodwala wa gulu loyamba, monga bambo uja, angathe kusamalidwa bwino kunyumba ndi abale ake, mothandizidwa ndi ozonda odwala ndi chipatala chaching'ono cha pafupi. Wa gulu lachiwiri amafunika namwino kapena dokotala amene adaphunzira chisamalirochi, womuona kawirikawiri. Wa gulu lachitatu, monga mayi uja, amafunika anthu ambiri ogwirira pamodzi: dokotala wa ululu ndi magazi, namwino wa zilonda ndi fungo, wothandiza za umoyo wa banja, mtsogoleri wa chipembedzo chake, ndipo mwina ndi mfumu. Paja mutu umodzi susenza denga.

Tikapanda kuyesa, zolakwa ziwiri zimachitika. Wodwala amene akadakhala mwamtendere kwawo amanyamulidwa ulendo wautali, banja likugulitsa chuma, nakamwalira pakati pa alendo. Ndipo wodwala amene akusowadi akatswiri amatsala m'nyumba yamdima, chifukwa choti akuyendabe ndipo sadandaula.

Kuyesa kumathandizanso popereka mankhwala. M'chaka cha 1986 bungwe la WHO lidaphunzitsa makwerero atatu a mankhwala a ululu wa khansa: oyamba ndi ofatsa monga panado, achiwiri ndi amphamvu pang'ono, achitatu ndi amphamvu monga morphine. Mankhwalawa amamwedwa pa nthawi yoikika, osadikira kuti ululu ubwerere. Morphine wamadzi amamwedwa pakatha maola 4 alionse. Walira mvula walira matope: morphine amadzimbitsa, choncho amayenda limodzi ndi mankhwala ofewetsa m'mimba. Ena amaopa kuti morphine amafulumizitsa imfa, koma akaperekedwa pa muyeso woyenera ndi wodziwa ntchito, sachita zotero. Ndipo amene chikumbumtima chawo chikuvutika akumbuke kuti Papa Pius XII, poyankha madokotala m'chaka cha 1957, adanena kuti nkololedwa kupatsa munthu amene ali pafupi kufa mankhwala oletsa ululu.

6. Machenjezo anayi

Choyamba, nambala si munthu. Odwala awiri angathe kuonetsa zala zinayi, koma wina akunena za fupa, wina akunena za mwana wake wosochera. Mukalandira nambala, funsani kuti, "Chikukuvutani koposa zonse n'chiyani?" ndipo mukhale chete kuti ayankhe.

Chachiwiri, ulemu umabisa zambiri. Mayi sanganene za magazi ndi fungo pamaso pa mkamwini wake kapena mwana wake wamwamuna. Bambo sangavomere mantha pamaso pa mkazi wake. Pezani mpata woti wodwala alankhule ndi munthu amene amamasuka naye.

Chachitatu, kuyesa sikuchitika kamodzi. Banja limene lidali pa bata m'mwezi wa June, nkhokwe ili yodzaza ndipo misewu ili youma, lingathe kukhala pa chipwirikiti m'mwezi wa February, ufa utatha ndipo mlatho utakokoloka.

Chachinayi, musaiwale wosamala. Kawirikawiri ndi mayi mmodzi kapena mtsikana amene amatunga madzi, kuphika, kuchapa ndi kutembenuza wodwala usiku wonse. Iyeyu akagwa, wodwala wagwanso.

7. Ntchito ya ife ozonda odwala

Ife a m'mudzi ndi a m'Mphakati sitili madokotala, ndipo tisayerekeze kusintha mankhwala a munthu. Koma ifeyo ndife amene timalowa m'nyumba zimene dokotala safikamo. Tikapita kukazonda, tione ndi kufunsa zinthu izi: Kodi ululu ukumulola kugona? Kodi akudya ndi kumwa, ndipo akupita kuchimbudzi? Kodi mankhwala alipo, ndipo atha liti? Akumusamala ndani, nanga iyeyo amapuma? Kodi ufa ulipo? Ana akupita kusukulu? Kodi wodwala akufuna kudziwa za nthenda yake? Kodi pali munthu amene akufuna kuyanjana naye?

Pa za choonadi tiyende mofatsa. Wodwala wofuna kudziwa ali ndi ufulu wouzidwa ndi a chipatala, mokoma ndiponso pang'onopang'ono, wosafuna asakakamizidwe. Koma bodza loti "muchira posachedwa" limamulanda mpata wokonza za ana ake. Lamulo la chuma cha masiye la m'chaka cha 2011 limaletsa kulanda katundu wa mkazi kapena mwamuna wamasiye ndi ana, ndipo wilo wolembedwa munthu akadali ndi nzeru zake amaletsa mikangano yambiri. Pa za mzimu, tifunse chimene mwini wake akufuna: Mkatolika amuitanire wansembe nthawi ikadalipo, pakuti Sakramenti la Kudzoza Odwala silidikira kuti munthu ayambe kutsirizika, wa mpingo wina amuitanire m'busa wake, ndipo Msilamu amuitanire shehe.

Pali zizindikiro zimene siziyenera kudikira mawa. Tumizani uthenga ku chipatala tsiku lomwelo ngati ululu ukukula ngakhale akumwa mankhwala. Ngati akutaya magazi ambiri. Ngati akubanika mwadzidzidzi. Ngati akusanza chilichonse kapena sakuthanso kumeza mankhwala. Ngati mkodzo waleka kutuluka. Ngati mutu wasokonezeka mwadzidzidzi. Ngati munthu wa khansa akumva kuwawa msana ndipo miyendo yayamba kufooka kapena kuchita dzanzi, pakuti kuchedwa kungamupuwalitse. Ngati akulankhula zofuna kudzipha. Ndiponso ngati womusamala ndi mwana yekha kapena palibe konse.

Abale anga, chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Tsiku lina ifenso tidzagona pamphasa ndi kuyankha kuti, "Pang'ono." Pa tsiku limenelo tidzafuna munthu amene sadzafulumira kutsazika, koma adzakhala pansi ndi kufunsanso kachiwiri. Tiyeni tiyambe ndife sabata ino, pa nyumba imene tikuidziwa.

Mafunso okambirana

1. Tchulani mbali zinayi za ululu wa munthu yense, ndipo perekani chitsanzo cha mmene ina imakulitsira inzake.

2. Chifukwa chiyani zosowa za mayi wa zaka 38 uja zili zopiringizana koposa za bambo amene ali pafupi kumwalira? Mukadakhala inu, mukadayamba kumasula mfundo iti?

3. Kodi m'mudzi mwathu muli odwala amene akusamalidwa ndi ana? Tingawalandire bwanji katunduyo osawachititsa manyazi?

4. Kodi chipatala chathu cha pafupi chili ndi tsiku loona odwala otere? Ndani mwa ife apite kukafunsa, kuti adzatiuze pa msonkhano ukubwerawu?